Mawu oti "imwani mwanzeru" sangateteze ubongo wa munthu

Nthawi iliyonse ikamveka nkhani yoti anthu afa kapena agonekedwa m'chipatala atamwa mowa waukali, monga zinachitikira mumzinda wa Blantyre ndi mowa uja anaupatsa dzina loti "Ambuye Ntengeni", mtsutso womwe uja umabukanso pa wailesi, m'maminibasi ndi pa Facebook. Ena amafuna kuti boma litseke chilichonse, ena amati munthu wamkulu sauzidwa chochita ndi ndalama yake, ndipo opanga mowa amatikumbutsa kuti iwo m'malonda awo amanena kale kuti tizimwa mwanzeru. Maliro akatha mtsutsowo umazilala, timabotolo tija timawatcha midoli n'kupitiriza kuyenda m'matumba mwa anyamata ngati kale. Ine ndili mbali ya amene akufuna kuti boma lilowererepo mwamphamvu pa mtengo, kapakidwe ndi kagulitsidwe ka mowa waukali, koma chifukwa changa si maliro okhawo. Mowa umayamba kuwononga ubongo kalekale munthu asanafe, ndipo mbali ya ubongo imene umayamba kuifoola ndi yomweyo imene timaidalira kuti imuuze womwayo kuti wakwana. Kusiya nkhani yonse m'manja mwa nzeru za womwayo kuli ngati kudalira mlonda pamene tikudziwa kuti wakubayo amayamba wagoneka kaye mlondayo.

Kuti mfundoyi imveke, tiyenera kuona zimene mowa umachita ukalowa m'thupi. Sudikira kugayidwa ngati nsima, umadutsa m'mimba ndi m'matumbo n'kulowa m'magazi, ndipo pakangopita mphindi zochepa umakhala wafika kumutu. Mu ubongo muli timadzi tachilengedwe timene timatumiza mauthenga, tina tofulumizitsa monga glutamate, tina tobweza moto monga GABA, ndipo mowa umalimbitsa tobweza mototo uku ukufooketsa tofulumizitsa. Mbali yoyamba kugwa ulesi ndi ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imatithandiza kulingalira zotsatira, kudziletsa ndi kuchita manyazi. N'chifukwa chake munthu wofatsa amayamba kulankhula zotumbwa, ndipo amene analowa m'bala atalumbira kuti amwa awiri okha amaitanitsa wachisanu ndi mtima woyera. Kenako imakhudzidwa mbali ya kunkhongo imene imawongolera kayendedwe, munthu n'kuyamba kudzandira. Mowa ukachulukirachulukira, kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga zinthu zatsopano kuti tizizikumbukira, kamaleka kulemba, moti munthu amatha kuyenda, kukangana ngakhale kuyendetsa njinga yamoto koma m'mawa osakumbuka kanthu. Pomaliza penipeni umafooka ndi muzu wa ubongo umene umayendetsa kupuma, ndipo apa ndi pamene ena amagona osadzukanso. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatha kuchotsa pafupifupi mamililita 10 okha a mowa weniweni pa ola. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa wamphamvu ya 40 peresenti kali ndi mamililita 80 a mowa weniweni, omwe ndi ofanana ndi mabotolo pafupifupi asanu a mowa wamba wa 5 peresenti. Mnyamata amene wapapira kabotolo kotere m'mphindi khumi ali chiimire pa siteji wapatsa chiwindi chake ntchito ya maola pafupifupi 8, ndipo nthawi yonseyo ubongo wake uli m'madzi.

Izi ndi za usiku umodzi. Za zaka zambiri ndinaziona ndi maso anga. Kumene ndinakulira kunali mmisiri wa matabwa amene tonse tinkawaitana kuti amalume, munthu amene ankangoyang'ana khomo kamodzi n'kukuuzani muyeso wa chitseko osagwira tepi. Ankamwa kachasu tsiku lililonse, ndipo monga zimakhalira ndi ambiri otere, chakudya ankangochilawa. Nditapita kukawaona patadutsa zaka, anandilandira ndi nsangala n'kundifunsa kuti, "Mayi ali bwanji kunyumba?" Ndinayankha kuti ali bwino. Tisanamalize kapu ya tiyi anafunsanso funso lomwelo, kenaka kachitatu, nthawi iliyonse ndi nkhope ya munthu amene akufunsa koyamba. Anandifotokozeranso mwatsatanetsatane kuti m'mawa womwewo anali ku Limbe kukagula misomali, koma azakhali, akazi awo, anandinong'oneza kuti bambowo anali asanatuluke pakhomo kwa miyezi ingapo. Sankanama ayi. Ubongo wawo unkadzaza mipata ya zimene waiwala ndi nkhani zopeka, iwo eni n'kumazikhulupirira. A zachipatala amadziwa vutoli ndi dzina loti Wernicke-Korsakoff, potengera madokotala awiri, Carl Wernicke wa ku Germany ndi Sergei Korsakoff wa ku Russia, amene analifotokoza m'zaka za m'ma 1880. Limabwera chifukwa chosowa vitamini B1, amene ubongo umafuna kuti upeze mphamvu kuchokera ku shuga. Mowa umatchinga vitaminiyu kulowa bwino m'matumbo, ndipo chidakwa sichidya mokwanira. Kwathu kuno vutoli lili ndi khomo lina lolowera, pakuti mavitamini a gulu la B m'chimanga amakhala kwambiri ku gaga ndi kumtima wa njere, zomwe timachotsa pokonola kuti tipeze ufa woyera. Munthu amene amamwa kwambiri, n'kumadya nsima yoyera ndi ndiwo zochepa, wopanda mtedza, nyemba kapena mgaiwa, ali pangozi yowirikiza. Pamudzi paja palibe amene anatchula mowa, anthu ankati amalume anaphonya chizimba.

Tsopano ndibwere kwa amene sagwirizana nane, ndipo ndiyambe ndi mfundo imene imamveka kwambiri kwa akuluakulu. Iwo amati makolo athu akhala akumwa mowa kuyambira kalekale, pa dima, pa chinamwali, pa maliro ndi pothira nsembe, ndipo ankakalamba nzeru zawo zili bwinobwino, choncho kudandaula za ubongo ndi mantha ongotengera kwa azungu. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, ndipo sindikufuna kuti mowa wa masese uchotsedwe pa miyambo yathu. Komabe tiyenera kufunsa kuti makolowo ankamwa chiyani, liti ndiponso motani. Masese mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi midoli, ndipo popeza ndi mowa wolemera ngati phala, mimba imadzaza mutu usanasokonekeretu. Kuufulula kunkatenga masiku, kuyambira kunyika chimera, kotero kuti sunkapezeka m'mawa uliwonse. Unkamwedwa pagulu, chipanda chikuzungulira, akuluakulu akuona, ndipo mnyamata wosakwatira sankakhala pabwalo lotero n'kumapikisana ndi atsibweni ake. Zotchinga zonsezi, zomwe ndi nthawi, ntchito, gulu ndi msinkhu, ndizo zinkateteza anthu, ndipo kabotolo kolowa m'thumba la yunifolomu kanazigwetsa zonse nthawi imodzi. Nkhani ya msinkhuyi ndi yaikulu, chifukwa mbali ya kutsogolo ya ubongo ija imapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25. Mwana wa Fomu 2 amene wayamba kupapira mowa waukali akuthira chiphe pa khoma limene likadali lonyowa, ndipo kafukufuku m'maiko ambiri amasonyeza kuti oyamba kumwa ali aang'ono ndi amene amagwa kwambiri m'uchidakwa akakula. Za agogo aja amene aliyense amawatchula, oti ankamwa tsiku ndi tsiku n'kufika zaka 90, ndingonena kuti timawakumbukira chifukwa anatsala. Anzawo amene ankamwa nawo sitiwawerenga, chifukwa anapita kale ali ndi zaka 50.

Mfundo yachiwiri imachokera kwa anthu ophunzira, amene amati vuto lili ndi zidakwa zokha, ndipo kumwa pang'ono tsiku lililonse n'kothandiza ku thanzi, makamaka vinyo wofiira. Iwo sakupeka, chifukwa kwa zaka zambiri kafukufuku ankaonetsadi ngati omwa pang'ono amakhala athanzi kuposa osamwa konse. Cholakwika chinapezeka pambuyo pake. M'gulu la "osamwa" munkawerengedwa anthu ambiri amene anasiya mowa chifukwa anali atadwala kale, kotero kuti gululo linkaoneka lodwaladwala osati chifukwa chosamwa. Makina ojambula ubongo atafala, chithunzi chinasintha. Mu 2017 ofufuza a ku Oxford ndi London anafalitsa zotsatira za anthu 550 amene anawatsatira kwa zaka 30, ndipo anapeza kuti ngakhale omwa mwapakatikati, mabotolo ngati 8 mpaka 12 a mowa wamba pa sabata, anali ndi mpata wowirikiza katatu woti hippocampus yawo ifote poyerekeza ndi osamwa. Mu 2022 kafukufuku wina wa zithunzi za ubongo wa anthu oposa 36,000 ku Britain anasonyeza kuti ubongo umachepa molingana ndi kuchuluka kwa mowa, ndipo kuchepako kumafulumira pamene muyeso ukukwera. Ku France, pounika zolembedwa za m'zipatala, kunapezeka mu 2018 kuti mwa anthu pafupifupi 57,000 amene anayamba matenda oiwalaiwala asanafike zaka 65, oposa theka anali ndi mbiri ya kumwa mwauchidakwa. M'mwezi wa Januwale 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mosapsatira kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Ndivomereze kuti pa muyeso wochepa kwambiri chiopsezocho n'chaching'ono, ndipo sindikunena kuti botolo limodzi pa ukwati lifafaniza nzeru za munthu. Koma chonde tisadzinamize, kamwedwe kathu ambiri si ka kapu imodzi pa chakudya chamadzulo. Ndi kokhala masabata atatu osalawa, malipiro akangolowa n'kumwa kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, Lolemba m'mawa n'kuwonjezera kena "kochotsa matsire". Kamwedwe kotere, kokweza mowa m'magazi mwadzidzidzi n'kuutsitsa mwadzidzidzi mobwerezabwereza, ndi kamene ubongo umavutika nako kwambiri.

Mfundo yachitatu ndi ya ufulu, ndipo ndimailemekeza. Munthu amene wakwanitsa zaka 18, akugwira ntchito ndiponso akukhoma msonkho, ali ndi ufulu wosankha zosangalatsa zake ngakhale zitakhala zomuvulaza, ndipo boma limene limalowerera pa chilichonse ndi loopsa kuposa mowa. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, ufulu wosankha umafuna kuti chosankhiracho chikhale chikugwira ntchito. Ubongo wa munthu amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali umadzisintha kuti uzolowere mowawo, umachepetsa mabuleki ake achilengedwe n'kukweza moto, moti mowa ukasowa thupi limanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa. Aliyense amene anadutsapo pamalo ogulitsira kachasu mbandakucha anawaona abambo amene amagwira kapu ndi manja awiri kuti isatayike, ndipo akangomeza kawiri manjawo amakhazikika. Bambo wotere sakusankha kanthu, akumwa kuti aleke kuvutika. Chachiwiri, ubongo umene umavulala si wa womwa yekha. Wakabaza amene wamwa kabotolo kuti "achotse kuzizira" wanyamula mayi wopanda chipewa choteteza mutu, ndipo mutu umene ukamenyetseke pa phula ndi wa mayiyo. Mwana amene ali m'mimba amalandira mowa womwewo kudzera m'magazi a mayi ake, ndipo kuwonongeka kwa ubongo wake sikuchira moyo wake wonse. Madera olima mphesa a ku Western Cape ku South Africa, kumene kale antchito a m'mafamu ankalipidwa mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, ali m'gulu la malo okhala ndi ana ambiri otere padziko lonse, ngakhale mchitidwe wolipira ndi mowawo unaletsedwa kalekale. Dziko lomwelo linationetsanso china pa nthawi ya Covid-19. Litaletsa kugulitsa mowa ndi kuyenda usiku, chipinda cholandirira ovulala modetsa nkhawa pa chipatala chachikulu cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinapezeka chopanda wodwala m'mawa wa pa 1 Januwale 2021, chinthu chimene ogwira ntchito pamenepo anali asanachionepo. Chiletso cha kuyenda usiku chinathandizira, n'zoona, koma palibe namwino wa m'chipinda chotero, ku Soweto kapena ku chipatala cha Queens ku Blantyre, amene angakuuzeni kuti mowa ulibe gawo pa mitu yosweka imene amasoka kumathero a mwezi.

Mfundo yachinayi ndiyo yolimba kuposa zonse, choncho ndiima nayo pang'ono. Otsutsa amati kuletsa kunayesedwa kale ndipo kunalephera. Zambia inaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'masacheti, mu 2012, Malawi nayenso analetsa masacheti patapita zaka zochepa pambuyo pokokanakokana m'makhoti, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo, ena n'kumaugula m'zigubu n'kumaugulitsa mopungulira. Amawonjezera kuti mukakweza mtengo wa mowa wa m'fakitale, osauka athamangira ku kachasu amene palibe amamuyeza, kapena ku mowa wosakanizidwa ndi methanol, chiphe chimene chimapha mitsempha ya maso n'kusiya munthu wakhungu ngati wapulumuka. Amakumbutsanso kuti pali amayi ambiri, ena amasiye, amene aphunzitsa ana mpaka ku yunivesite ndi ndalama ya kutcheza kachasu. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikupempha chiletso cha mowa wonse. Koma kusamukira kwa mowa m'timabotolo sikusonyeza kuti lamulo n'lopanda ntchito, kukusonyeza kuti tinaletsa pulasitiki m'malo moletsa chimene chinali m'pulasitikimo, chomwe ndi mowa wamphamvu kwambiri pa mtengo wa mandasi angapo. Dziko la Scotland linagwira pomwepo. Mu Meyi 2018 linakhazikitsa mtengo wochepetsetsa wogulitsira mowa potengera kuchuluka kwa mowa weniweni umene uli m'botolo, osati kukula kwa botololo, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2023 anayerekeza kuti imfa zobwera mwachindunji ndi mowa zinatsika ndi pafupifupi 13 peresenti, makamaka m'madera osauka. Malawi si Scotland, ndipo kuno mowa wambiri sudutsa m'sitolo. Komabe mwana wa sukulu sapita kawirikawiri kukakhala pakhomo pa mayi wotcheza kachasu, pomwe mudzi wonse umamudziwa ndi makolo ake omwe. Amagula kabotolo pa kawokala, n'kukabisa m'chikwama. Kulamula kuti mowa waukali uzigulitsidwa m'mabotolo akuluakulu okha, kukhometsa msonkho molingana ndi mphamvu ya mowa, kuletsa kugulitsa m'mawa ndiponso pafupi ndi sukulu ndi masiteji, ndi kulanda chiphaso cha aliyense wogulitsa kwa mwana, zingatseke khomo limenelo ngakhale zisatseke makomo onse. Amayi otcheza kachasu nawo n'kwabwino kuwadziwa ndi kuwalemba m'kaundula wa khonsolo kusiyana ndi kumawathamangitsa lero n'kuwaiwala mawa, chifukwa wodziwika ukhoza kumuphunzitsa ndi kumuimba mlandu akathira zachilendo mumphika. Ndondomeko ya dziko lino yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017, ndipo zambiri mwa izi si zachilendo kwa amene anailemba. Chimene chikusowa ndi kuzichita.

Patsala gulu lina limene limagwirizana nane pa kuipa kwa mowa koma timasiyana pa mankhwala ake. Awa ndi amene amati uchidakwa ndi tchimo kapena kufooka kwa mtima basi, ndipo chofunika ndi kulapa n'kusiya lero lomwe. Mipingo yathandiza anthu ambiri kusiya mowa, ndipo gulu la anthu okulimbikitsa ndi chinthu chimene chipatala sichingapereke. Koma uphungu woti "siyani lero" ukhoza kupha munthu amene thupi lake lazolowera kwambiri. Ubongo uja unakweza moto kuti ulimbane ndi mowa, ndiye mowawo ukachoka mwadzidzidzi motowo umayaka wopanda choubweza. Pakadutsa maola ochepa mpaka masiku awiri munthu akhoza kugwa ngati wakhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu kotheratu, kumaona tizilombo tikuyenda pakhoma, kutentha thupi ndi kugunda mtima mothamanga. Achibale amaona ngati ziwanda zikutuluka n'kuwonjezera mapemphero, pamene munthuyo akufunika kuthamangira naye kuchipatala, kumene kuli mankhwala otsitsa motowo pang'onopang'ono. Chithandizo cha nthawi yaitali chilipo ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, koma malo ochepawa sangakwanire dziko lonse, ndipo ambiri amaopa kupitako chifukwa cha dzina loti "wamisala". Ngati msonkho wa mowa ukwera monga ndikupemphera, gawo lake liyenera kupita kuzipatala zing'onozing'ono za kumidzi, kuti dokotala kapena namwino azifunsa za mowa monga amafunsira za BP ndi shuga, ndiponso kuti akhale ndi chochita akamva yankho.

Kuchita zimenezi kuli ndi phindu, chifukwa ubongo umabwerera mbali ina munthu akasiya. Zithunzi za anthu amene asiya mowa zimasonyeza kuti pakapita masabata ndi miyezi, zina mwa zigawo zimene zinafota zimayamba kudzazanso, tulo timabwerera, ndipo kukumbukira ndi kulingalira kumawongokera. Ngakhale vuto la Wernicke, likagwidwa m'masiku oyambirira pamene munthu wangoyamba kusokonezeka, kudzandira asanamwe ndi kugwedera maso, limatha kubwezedwa ndi jakisoni wa vitamini B1, mankhwala otchipa kwambiri. Likachedwa ndi pamene limasanduka kuiwala kosachiritsika kuja. Amalume aja anayenda kwa asing'anga atatu asanaonane ndi dokotala aliyense, ndipo pofika nthawi imeneyo azakhali anali atagulitsa kale randa ndi macheka awo kuti alipire maulendowo.